Roundup, makhoti a ku America ndi inshuwalansi ya ku Germany

Chiopsezo cha milandu ya ku America ndi mawu amene makampani a inshuwalansi a ku Germany amagwiritsa ntchito ponena za ndalama zimene angataye kasitomala wawo akasumiridwa ku makhoti a ku United States. M'mapangano ambiri a inshuwalansi ya milandu, dziko la United States ndi la Canada amawapatula ku maiko ena onse. Nthawi zina sawalowetsa n'komwe m'pangano, ndipo akawalowetsa amakweza mtengo ndi kuwaikira malamulo awoawo. Chitsanzo chachikulu cha chiopsezochi m'zaka zaposachedwapa ndi milandu ya mankhwala opha udzu a Roundup, amene mwini wake tsopano ndi kampani ya ku Germany ya Bayer.

Mankhwala a mtundu womwewu amapoperedwa m'minda ya m'dera la mfumu yaikulu Mwadzama, kummwera kwa boma la Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Komabe palibe pangano la inshuwalansi la ku Ulaya limene limapatula Malawi ngati dziko loopsa pa milandu. Mankhwala ndi amodzi, thupi la munthu ndi limodzi. Chimene chimasiyanitsa wosamalira bwalo la sukulu ku California ndi mlimi wa ku Benga m'mabuku a inshuwalansi ndi kuti mmodzi ali ndi njira yofikira kukhoti, pamene winayo njira yake ili ndi minga.

Inshuwalansi ya milandu

Mtundu wa inshuwalansi imeneyi umene Amalawi ambiri amaudziwa ndi third party ya galimoto, imene lamulo la pamsewu limakakamiza mwini galimoto aliyense kukhala nayo. Galimoto ikagunda munthu, amene amalipira chipukuta misozi ndi kampani ya inshuwalansi, mpaka pa malire amene analembedwa m'pangano. Makampani opanga katundu nawo amagula inshuwalansi yotere, yowateteza katundu wawo akavulaza kapena kudwalitsa munthu.

Ku Germany kampani ya inshuwalansi imagwira ntchito zitatu pa pangano lotere. Imafufuza ngati kasitomala wake walakwadi, imamuimirira kukhoti ngati dandaulo lilibe maziko, ndipo imalipira ngati dandaulo ndi loona. Mwachizolowezi, ndalama zolipira maloya ndi khoti zimakhala zapadera, sizichotsedwa pa malire a chipukuta misozi. Makampani ambiri amatsatira malamulo achitsanzo otchedwa AHB, amene amalembedwa ndi bungwe la makampani a inshuwalansi la GDV ku Berlin.

Malamulo achitsanzowa amayamba ndi kukana ngozi zonse zochitikira kunja kwa Germany, kenaka pangano lowonjezera limabwezeretsa maiko akunja pang'onopang'ono. Apa ndi pamene America amaipatula. Kampani imene imatumiza yokha katundu ku United States kapena ku Canada iyenera kupangana mwapadera ndi kulipira zambiri. Katundu amene wafika kumeneko kudzera mwa anthu ena, mwini wake osadziwa, nthawi zambiri amatetezedwa, koma ndi malire. Pa milandu ya kumeneko, ndalama za maloya, za akatswiri ndi za mboni zimachotsedwa pa malire a pangano, moti mlandu wautali ungathe kudya theka la ndalamazo chigamulo chisanaperekedwe. Kasitomala amasenzanso gawo lalikulu la mlandu uliwonse payekha. Ndipo chindapusa cholanga, chimene makhoti a ku America amachitcha punitive damages, sichilipidwa ndi inshuwalansi n'komwe.

Mawu ofanana ndi amenewa amapezekanso m'mapangano a ku London ndi ku Johannesburg. Chifukwa chimodzi n'chakuti makampani a inshuwalansi nawonso amagula inshuwalansi kwa makampani akuluakulu ogawana nawo chiopsezo, ndipo awiri mwa akuluakulu pa dziko lonse, Munich Re ndi Hannover Re, ndi a ku Germany. Chimene iwo akana kusenza, makampani ang'onoang'ono sangachilonjeze kwa makasitomala awo.

Chifukwa chake America amaiopa

Ku United States mlandu wa chipukuta misozi umagamulidwa ndi jury, gulu la anthu wamba osankhidwa m'dera, ndipo ndi iwo amene amatchula ndalama. Loya wa wodandaula salipiritsa pachiyambi. Amatenga gawo la ndalama akapambana, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo, choncho munthu wosauka angathe kusumira kampani yolemera osatulutsa kanthu m'thumba. Akagonja salipira maloya a mnzake, popeza mbali iliyonse imadzilipirira. Mlandu usanayambe, khoti limakakamiza kampani kutulutsa makalata ake amkati, ngakhale mauthenga amene ogwira ntchito ankalemberana. Milandu yofanana zikwizikwi ingathe kusonkhanitsidwa pamaso pa woweruza mmodzi. Pamwamba pa zonsezi pali chindapusa cholanga, chimene cholinga chake ndi kukhaulitsa wolakwa ndi kuopseza ena.

Ku Germany zonsezi n'zosiyana. Mlandu umagamulidwa ndi oweruza ophunzira ntchitoyo, wogonja amalipira mbali zonse ziwiri, ndipo chipukuta misozi chimangobweza chimene munthu wataya. Lamulo la kumeneko lokhudza katundu wovulaza anthu, limene linayamba kugwira ntchito mu 1990, linaika malire a mayuro 85 miliyoni pa kuvulala konse kochokera ku vuto limodzi la katundu wa mtundu umodzi. Pa 4 Juni 1992 khoti lalikulu la Bundesgerichtshof linagamula kuti chindapusa cholanga cha ku America sichingakakamizidwe pa katundu wa munthu ku Germany, chifukwa kulanga ndi ntchito ya boma osati ya munthu wodandaula. Chigamulochi chimatchinjiriza kampani yaing'ono imene ilibe chuma ku America. Kampani imene ili ndi mafakitale ndi maakaunti kumeneko sichiithandiza.

Makhoti a ku America nawo anayesapo kuika malire, ndipo mlandu wotchuka pa nkhaniyi unakhudza galimoto ya ku Germany. Dokotala wina wa ku Alabama, Ira Gore, anagula BMW yatsopano n'kudzazindikira kuti inapentedwanso isanagulitsidwe. Jury inamupatsa madola 4,000 obwezera kutsika kwa mtengo wa galimotoyo, ndi madola 4 miliyoni a chindapusa cholanga. Khoti lalikulu la ku Alabama linachepetsa chindapusacho kufika pa madola 2 miliyoni, ndipo mu 1996 Supreme Court ya dziko lonse inati ngakhale zimenezo zachulukitsa. Mu 2003, pa mlandu wa State Farm ndi Campbell, khoti lomwelo linanena kuti chindapusa cholanga sichiyenera kawirikawiri kufika kakhumi kuposa chipukuta misozi chenicheni. N'chifukwa chake ndalama zimene jury imatchula, zimene zimamveka pa wailesi, nthawi zambiri zimadzachepetsedwa. Koma kwa wowerengera mtengo wa inshuwalansi, vuto lalikulu ndi kusadziwika kwa mapeto. Ngozi ya moto kapena ya galimoto ingathe kuwerengeredwa kuchokera pa zaka zam'mbuyo. Maganizo a jury ya ku Philadelphia zaka khumi zikubwerazi sangawerengeredwe. Msika wa Lloyd's ku London unaphunzira zimenezi mowawa pamene milandu ya asbestos, yochokera m'mapangano a zaka makumi angapo m'mbuyo, inatsala pang'ono kuugwetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Milandu ya Roundup

Mphamvu yopha udzu ya glyphosate inatulukiridwa mu 1970 ndi John Franz, katswiri wa kampani ya Monsanto ya ku St. Louis, ndipo mankhwalawa anayamba kugulitsidwa mu 1974 pa dzina la Roundup. Amalowera m'masamba n'kutsikira ku mizu, ndipo amapha pafupifupi chomera chilichonse chobiriwira chimene awaza. Mu Malichi 2015 bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa ku Lyon, linaika glyphosate m'gulu 2A, la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa mwa anthu. Mabungwe ena sanagwirizane nalo. Bungwe la EPA la ku United States limanena kuti n'zokayikitsa kuti glyphosate amayambitsa khansa, ndipo mu Novembala 2023 European Union inalola kuti apitirire kugwiritsidwa ntchito kwa zaka zina 10. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chake: IARC imafunsa ngati chinthu chingathe kuyambitsa khansa pa mlingo uliwonse, pamene mabungwe opereka zilolezo amafunsa ngati chingatero pa mlingo umene munthu amakumana nawo akatsatira malangizo a pabotolo.

Bayer, imene likulu lake lili ku Leverkusen, inamaliza kugula Monsanto mu Juni 2018 pa mtengo wa madola 63 biliyoni. Patangopita miyezi iwiri, pa 10 Ogasiti, jury ya ku San Francisco inapatsa Dewayne Johnson madola 289 miliyoni. Johnson ankasamalira mabwalo a sukulu ndipo anadwala khansa ya non-Hodgkin lymphoma. Mwa ndalamazo, madola 250 miliyoni anali chindapusa cholanga. Woweruza anazichepetsa kufika pa madola 78 miliyoni, ndipo khoti la apilo linazitsitsanso mu 2020 kufika pa madola 20.5 miliyoni. Mu Malichi 2019 Edwin Hardeman anapatsidwa madola 80 miliyoni, amene anatsika kufika pa 25 miliyoni. Mu Meyi chaka chomwecho banja la Pilliod linapatsidwa madola 2 biliyoni, amene anatsika kufika pa 87 miliyoni.

Mu Juni 2020 Bayer inalengeza kuti ilipira mpaka madola 10.9 biliyoni kuti ithetse milandu yambiri kunja kwa khoti, popanda kuvomera kulakwa. Chaka chotsatira inapatulanso madola 4.5 biliyoni. Milandu sinathe. Madandaulo onse pamodzi anapitirira 170,000. Mu Januwale 2024 jury ya ku Philadelphia inatchula madola 2.25 biliyoni, amene woweruza anawachepetsa kufika pa 400 miliyoni, ndipo mu Malichi 2025 jury ya ku Georgia inatchula madola pafupifupi 2.1 biliyoni. Bayer yapambananso milandu yambiri pamaso pa ma jury ena, pa umboni wa sayansi wofanana, ndipo imanenetsa kuti mankhwala ake sayambitsa khansa.

Mutu wa milanduyi ndi chenjezo. Odandaula amati kampani inayenera kulemba pabotolo kuti mankhwalawa angayambitse khansa. Bayer imayankha kuti mawu a pabotolo amavomerezedwa ndi EPA motsatira lamulo la dziko lonse, choncho malamulo a zigawo sangaikakamize kulemba chenjezo limene EPA sinafune. Makhoti a apilo anasiyana maganizo pa mfundoyi, ndipo mu 2025 kampaniyi inapempha Supreme Court kuti iweruze, kudzera pa mlandu wa John Durnell wa ku Missouri.

Palibe inshuwalansi imene imagulitsidwa pa msika yofika pa ndalama zoterezi. Mtolo waukulu unagwera kampani yeniyeniyo ndi eni masheya ake. Mu Febuluwale 2024 Bayer inadula phindu logawira eni masheya kuchoka pa mayuro 2.40 kufika pa masenti 11 pa sheya iliyonse, pofuna kuchepetsa ngongole. Kuyambira 2023 inachotsa glyphosate m'mankhwala ogulitsidwa kwa anthu osamalira kapinga ndi maluwa a pakhomo ku United States, ndipo inanena poyera kuti ikutero pofuna kuchepetsa milandu, osati chifukwa chokayikira mankhwalawo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga: katundu anasinthidwa pa msika umene ogula ake amasuma.

M'minda ya kwa Mwadzama

Dera la Mwadzama lili pa msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku boma la Nkhotakota. Anthu amalima chimanga, chinangwa, mpunga ndi mtedza, ndipo a m'mphepete mwa nyanja amadaliranso usodzi. Dera la m'mbali mwa nyanjali ndi lotentha ndiponso lamvula yokwanira, choncho udzu umakula msanga, ndipo kupalira ndi ntchito imene imadya nthawi ndi ndalama za ganyu zambiri pa mwezi wa Disembala ndi Januwale, nthawi imene chakudya chatha m'nkhokwe.

Kuyambira cha m'ma 2005, bungwe la Total LandCare mogwirizana ndi CIMMYT linakhazikitsa minda yachitsanzo ya ulimi wa mlera nthaka m'boma la Nkhotakota, makamaka ku Mwansambo ndi ku Zidyana. Pa ulimiwu mlimi sagalauza nthaka kapena kuunga mizere. Amasiya mapesi kuti aphimbe nthaka ndipo amabzala poboola timaenje. Popeza khasu silitembenuzanso udzu, njira imene inkaphunzitsidwa inali kupopera glyphosate pa nthawi yobzala, mbewu zisanamere. Alimi ambiri anakopeka ndi mankhwalawa kuposa mbali zina za ulimiwo, chifukwa amagonjetsa ngakhale udzu wovuta monga kapinga, ndipo munthu mmodzi wokhala ndi sipuleya kumsana amamaliza tsiku limodzi munda umene banja likanapalira sabata yathunthu. Monsanto sinali yachilendo m'dziko muno. Inalowa pa msika wa mbewu mu 1998 itagula bizinesi ya mbewu ya Cargill, ndipo mbewu za chimanga za DEKALB, zimene tsopano ndi za Bayer, zimadziwika m'boma lililonse.

Zigamulo za ku California zinamveka mpaka ku Lilongwe. Mu 2019, mlandu wa Hardeman utangogamulidwa, Unduna wa Zaulimi unalengeza kuti waimitsa zilolezo zoitanitsira mankhwala a glyphosate. Chimene chinasuntha boma chinali chigamulo cha jury ya dziko lina, patapita zaka zinayi IARC itanena maganizo ake. Mankhwala a glyphosate akupezekabe m'masitolo a zipangizo zaulimi. Bungwe loyang'anira nkhaniyi ndi Pesticides Control Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la 2000.

Mabungwe amene amati glyphosate ndi wosaopsa amanena za munthu wotsatira malangizo: wovala magolovesi, majombo ndi zovala zophimba thupi lonse, wosakaniza mlingo woyenera, wosamba akamaliza. Pa dzuwa la kunyanja, zovala zoterezi n'zotentha ndiponso n'zodula. Si zachilendo kuona munthu akupopera atavala kabudula ndi masilipasi, sipuleya ikudontha kumsana, kapena kuona mankhwala akugulitsidwa pamsika atathiridwa m'timabotolo topanda chizindikiro chilichonse. Ngati pali munthu amene khungu lake limakumana ndi mankhwala ochuluka kuposa mmene opereka zilolezo anawerengera, ndi waganyu amene amapopera minda ya anthu angapo nyengo yonse. Ndipo glyphosate si woopsa kwambiri mwa mankhwala amene ali pamsika. Ena amapha munthu pa maola ochepa. Dzina loti tameki, limene anthu amatchulira mankhwala akupha a makoswe, linachokera ku Temik, mankhwala a m'munda amene Bayer inagwirizana ndi EPA mu 2010 kuti isiya kupanga.

Njira zinayi zopitira kukhoti

Mlimi wa kwa Mwadzama amene wadwala ndipo akukhulupirira kuti ndi chifukwa cha mankhwala ali ndi ufulu wosuma pansi pa malamulo a Malawi. Makhoti a kuno amatsatira mfundo ya mlandu wa Donoghue ndi Stevenson wa 1932, yoti wopanga katundu ali ndi udindo wosamala wogula ngakhale sanakumanepo, ndipo pali lamulo loteteza ogula la 2003. Zovuta zimayamba munthu akafuna kugwiritsa ntchito ufuluwo.

Choyamba ayenera kudziwa matenda ake. Khansa ya lymphoma imatsimikizika podula kachidutswa ka mnofu n'kukayeza, ndipo zimenezi zimachitika m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe. Akadziwa, ayenera kusonyeza kuti chayambitsa ndi mankhwala, m'dziko limene khansa za mtundu umenewu zimayenderanso limodzi ndi HIV, ndipo mwa ana zimayenderana ndi malungo. Kenaka ayenera kusonyeza mwini mankhwala. Chilolezo choti Monsanto yokha ndiyo ipange glyphosate chinatha mu 2000, ndipo lero dziko limene limapanga wochuluka ndi China. Anthu amatcha mankhwala onsewa kuti raundapu, monga amatchulira mankhwala onse otsukira mano kuti Colgate, koma khoti limafuna botolo, dzina la kampani ndi lisiti. Mlimi wogula kotala ya lita pamsika alibe pepala lililonse. Mlandu wa kuvulala kwa thupi uyenera kuyambika pasanathe zaka zitatu, High Court yapafupi ili ku Lilongwe, wogonja amalipira maloya a mnzake, ndipo chipukuta misozi chimayerekezedwa ndi cha milandu yakale, mu kwacha imene mphamvu yake imatsika chaka ndi chaka. Legal Aid Bureau ilipo yothandiza osauka, koma mlandu wotere umafuna akatswiri a sayansi amene mtengo wawo ndi waukulu.

Njira ya ku America, imene ili yotseguka kwa nzika za kumeneko, ndi yotsekeka kwa iye. Makhoti a ku United States amabweza milandu ya ngozi zochitikira kunja ponena kuti khoti loyenera ndi la kwawo kwa ovulalawo. Anatero mu 1986 ndi anthu a ku Bhopal, India, amene anasumira Union Carbide pa ngozi ya mpweya wakupha ya 1984. Mu 2013, pa mlandu wa Kiobel, Supreme Court inachepetsa mphamvu ya lamulo lakale la 1789 limene alendo ankasumira nalo makampani. Mu 2014 inakana kuti anthu a ku Argentina asumire kampani ya ku Germany ya Daimler ku California, ndipo mu 2021 inakana mlandu wa anthu a ku Mali amene anasumira Nestlé ndi Cargill pa nkhani yogwiritsa ana ntchito m'minda ya koko ku Côte d'Ivoire. Chiopsezo cha ku America, mmene inshuwalansi imachiwerengera, ndi chiopsezo cha ogula a ku America basi.

Ku Germany khomo ndi lotseguka pang'ono. Malamulo a European Union amalola kusumira kampani kumene kuli likulu lake, koma khoti limagwiritsa ntchito malamulo a dziko limene ngozi inachitikira. Moto utapha anthu oposa 250 pa fakitale ya zovala ya Ali Enterprises ku Karachi mu Seputembala 2012, anthu anayi anasumira kampani ya KiK, imene inkagula zovala zambiri za fakitaleyo. Mu Januwale 2019 khoti la ku Dortmund linathetsa mlanduwo ponena kuti nthawi yosumira inali itadutsa malinga ndi malamulo a Pakistan. Lamulo la Germany lokakamiza makampani akuluakulu kuyang'anira za ufulu wa anthu kumene amagula katundu linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2023, koma limanena momveka kuti kuliphwanya sikupatsa munthu ufulu watsopano wofuna chipukuta misozi.

Njira imene Amalawi ayendamo kwenikweni ndi ya ku London. Mu Epulo 2019 Supreme Court ya ku United Kingdom inalola anthu 1,826 a kufupi ndi mgodi wa Nchanga ku Chingola, Zambia, kusumira Vedanta ku England, ponena mwa zina kuti kwawo sakanapeza ndalama ndi maloya okwanira mlandu waukulu chotero. Mu Febuluwale 2021 kampani ya Camellia, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inalengeza kuti ilipira mapaundi 2.3 miliyoni, popanda kuvomera kulakwa, pothetsa madandaulo a amayi 36 a m'minda ya tiyi. Mu Juni 2021 High Court ya ku London inakana kuthetsa mlandu wa matenanti a fodya ndi ana awo oposa 7,000 amene anasumira British American Tobacco ndi Imperial Brands. Anthu oposa 1,700 a m'mudzi wa Kanseche ku Chikwawa anasumiranso Associated British Foods, mwini wake wa Illovo, pa madzi osefukira a Januwale 2022. Milandu yonseyi inayendetsedwa ndi maloya a Leigh Day, ndipo yonse inatheka chifukwa kampani yaikulu ili ndi likulu ku Britain. Yonse ikukhudza ogwira ntchito, matenanti kapena anthu oyandikana ndi esiteti kapena mgodi. Palibe umodzi wokhudza wogula katundu m'sitolo.

Chimene mtengo umayeza

Kampani ya inshuwalansi imaika mtengo powerengera kuchuluka kwa madandaulo ndi kukula kwa ndalama zimene khoti lingagamule. Kumene anthu sasuma, chiwerengero chimakhala chochepa, ndipo dzikolo limaoneka lopanda chiopsezo ngakhale anthu ake atakhala kuti akudwala. Zotsatira zake zimapitirira pa nkhani ya ndalama. Kampani ya inshuwalansi ikaopa msika, imatumiza akatswiri kukaona mmene chenjezo lalembedwera, imafunsa ngati ogulitsa aphunzitsidwa, imafuna kuti katundu aliyense adziwike kumene wapita. Ku Malawi kukakamiza koteroko kochokera ku inshuwalansi n'kochepa, ndipo ntchito yonse imatsalira Pesticides Control Board ndi alangizi a zaulimi, amene aliyense amayang'anira mabanja ochuluka kwambiri.

Izi sizikutanthauza kuti njira ya ku America ndi yoyenera kusirira yonse. Ma jury awiri angathe kumva umboni umodzi n'kugamula mosiyana, gawo lalikulu la ndalama limapita kwa maloya, ndipo funso la sayansi loti glyphosate amayambitsa khansa kapena ayi silinayankhidwe ndi milanduyo. Kuletsa mankhwalawa m'dziko muno chifukwa cha chigamulo cha ku San Francisco kukanabwezera mabanja a kwa Mwadzama ku khasu pa nyengo ya njala, kapena kuwakankhira ku mankhwala ena oopsa kuposa amenewa. Zimene zili m'manja mwa boma n'zapafupi kuposa pamenepo: chenjezo lolembedwa m'Chichewa, kuletsa kugulitsa mankhwala m'mabotolo opanda chizindikiro, lisiti kwa wogula aliyense, ndi lamulo loti woitanitsa mankhwala akhale ndi inshuwalansi ya milandu imene khoti la ku Malawi lingathe kuifikira. Woyang'anira makampani a inshuwalansi m'dziko muno ndi Registrar of Financial Institutions, udindo umene uli m'manja mwa gavanala wa Reserve Bank of Malawi.

Malamulo a ku America anafikapo kale pa alimi a kuno kudzera pa khomo lina. Pa 1 Novembala 2019 nthambi ya US Customs and Border Protection inalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pa madoko chifukwa cha malipoti ogwiritsa ana ndi matenanti ntchito yokakamiza. Makampani a Alliance One ndi Limbe Leaf anachotsedwa pa chiletsocho mu 2020 atasonyeza mmene amayang'anirira alimi awo. Pa miyezi yochepa, msika umene ukanatayika unachititsa zimene malipoti a zaka zambiri sanachititse.

Ku Ulaya nako malire akusuntha. Lamulo latsopano la European Union la 2024 lokhudza katundu wovulaza anthu lachotsa malire a ndalama ngati aja a mayuro 85 miliyoni, lapatsa makhoti mphamvu yolamula kampani kutulutsa umboni umene ili nawo, ndipo lafewetsa udindo wa wodandaula pa milandu imene sayansi yake ndi yovuta. Maiko onse a m'bungweli, kuphatikizapo Germany, ayenera kulilowetsa m'malamulo awo pofika pa 9 Disembala 2026. Lamuloli likuteteza anthu ovulazidwa ndi katundu wogulitsidwa pa msika wa ku Ulaya. Botolo logulidwa pa Benga silili m'gulu limenelo.